Mbatatesi za m'thumba kwa ife a malo ochepa

Anzanga a m'nyumba za lendi ku Ndirande, Bangwe kaya Chilomoni, amene pakhomo pathu pamangokwana chingwe choyanikira zovala, mbatatesi zimatheka m'thumba.

Pezani thumba la feteleza la makilogalamu 50, mulitsuke, muboole timabowo tambiri pansi kuti madzi asamadikhe. Lipindeni kukamwa kuti lifupike, muthiremo dothi losakaniza ndi manyowa owolerana bwino, kuya kwake masentimita 15. Ikani mbewu zitatu zokha, zophuka kale, maso kuloza kumwamba, mukwirire pang'ono.

Pagona nkhani ndi apa. Zikakula kupitirira chikhatho, futukulani thumba pang'ono, muonjezere dothi, kunja kutsale masamba akunsonga okha. Teroni kawiri kapena katatu. Mbatatesi zimabereka pa timphukira tochokera ku tsinde lokwiririka, komanso dothilo limazibisa ku dzuwa. Yoonekera imabiriwira, ndipo yobiriwira si yoyenera kudya. Koma musatengeke n'kuunjika mpaka m'chiuno. Ine ndinayesapo, kumtundako ndinangopezako dothi lokhalokha, zonse zinali pansi.

Dothi lomwe munadzalapo tomato lisiyeni, matenda awo ndi amodzi. Thumba likhale poomba dzuwa, ndipo popeza limauma msanga kuposa dimba, muzipisa chala m'dothi tsiku lililonse. Miyezi yozizira zimakondwa, kutentha kwa Okutobala ndiye zimavutika.

Pakatha miyezi itatu kapena inayi, masamba akachita chikasu, lekani kuthirira kwa sabata ziwiri, kenako ingokhuthulani thumbalo. Khasu silifunika, choncho palibe yotemeka.