Mawu oti "charge": tanthauzo lili pa kamawu kotsatira

Mawu a Chingerezi oti "charge" ambiri timawadziwira pa foni, mpaka tinawasandutsa athu: kutchaja. Koma amapezekanso pamsika, kupolisi ndi kuntchito. Analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale, gwero lake ndi mawu a Chilatini oti "carrus", kutanthauza ngolo, ndipo poyamba ankanena za kusenzetsa katundu. Mukagwira pamenepo zinazo sizivuta: batire timalisenzetsa moto, wogula timamusenzetsa mtengo, woganiziridwa kuti walakwa amasenzetsedwa mlandu.

Mukakumana nawo m'chiganizo, yang'anani kaye kamawu kotsatira. Kakakhala "for", nkhani ndi ya kulipiritsa. "She charged me K2,000 for the repair" ndiye kuti anandilipiritsa K2,000 pokonza chinthucho. Munthu amayamba, kenako ndalama, "for" pomaliza. "Free of charge" ndi zaulere.

Kakakhala "with", nthawi zambiri ndi mlandu. "He was charged with theft" akutanthauza kuti amutsegulira mlandu wakuba. Apa mpamene ambiri amaphonya polemba "charged of theft", chifukwa chosokoneza ndi "accused of". "Of" ndi wa "accuse", "with" ndi wa "charge". Komanso munthu amene ali "charged" sanapezeke wolakwa ayi, mlandu wangoyamba kumene. Khoti likamupeza wolakwa mawu ake ndi "convicted", likamulamula kupereka chindapusa ndi "fined". Womasulira nkhani akasakaniza atatuwa amamanga munthu amene woweruza sanamuone n'komwe.

Pa udindo pali msampha wa kamawu kamodzi. "Mary is in charge of the children" ndiye kuti Mary akuyang'anira ana. Mukaikapo "the" zimatembenuka: "The children are in the charge of Mary", anawo ali m'manja mwa Mary. Mukalemba "The children are in charge of Mary" mwasandutsa ana kukhala mabwana. Dzina la "officer in charge" wa papolisi lachokera pomwepa, ndipo "take charge" n'kuyamba kutsogolera zinthu.

Tanthauzo lina ndi kuthamangira munthu mwaukali. Woperekeza alendo ku Liwonde akanena kuti "The elephant may charge", sakunena za batire, akuti njovuyo ikhoza kukulondolani.

Pa foni penipeni, "The phone is charging" ndi "I am charging the phone" zonse n'zolondola. Batire likadzaza nenani "fully charged", osati "full charged".