Musanamange miyendo pa mfuti ya mpweya, idziweni kaye mfutiyo

Amene amalimbana ndi makoswe m'khola la nkhuku, kapena amawombera chandamale, amadziwa kuti mikono siichedwa kunjenjemera. N'chifukwa chake ambiri amagula bipod, timiyendo tiwiri tochirikiza mfuti kutsogolo. Koma ndikupemphani, musathamangire kugula musanaone mtundu wa mfuti yanu, pakuti miyendoyi ikhoza kukuwonongerani kuloza.

Mfuti ya sipuling'i, makamaka ija yothyola pakati poika chipolopolo, siigwirizana ndi chochirikiza cholimba. Mukakoka kachitsulo kowombera, pisitoni imathamangira kutsogolo, mfuti imayamba yabwerera m'mbuyo kenako n'kudumphira kutsogolo, ndipo zonsezi zimachitika chipolopolo chisanatuluke m'paipi. Mfuti yotere imafuna kuigoneka pachikhatho chotambasula, malo amodzimodzi nthawi zonse, osaifinya. Ikakhala pa miyendo, pamwamba pa simenti kapena tebulo, imanjanja mosiyanasiyana, zipolopolo n'kumwazika ngati mbewu zofesa. Kumanga miyendo papaipi yeniyeniyo ndiye kulakwitsa kwakukulu: kulemera kwa mfuti kumakankhira paipi m'mwamba, ndipo pothyolera paja pamayamba kugwedera. Eni mfuti zotere, dzazani mchenga m'kathumba, ikani dzanja pamwamba pake, mfuti pa dzanja. Ndalama ya bipod mugulire zipolopolo zoyeserera.

Mfuti ya PCP, yokhala ndi thanki ya mpweya wopanikizidwa, ndiyo imakondwera ndi miyendo, chifukwa siikankha kwenikweni.

Itembenuzeni muone kunsi kwake. Zina zimabwera ndi njanji ya Picatinny, ya mamilimita pafupifupi 21 m'lifupi, pomwe bipod imangogwira n'kumangidwa. Musaisokoneze ndi kanjanji ka mamilimita 11 kapamwamba, kaja n'ka galasi lolozera. Zina zili ndi kachitsulo kokolekapo lamba, ndipo miyendo ya mtundu wa Harris imamangidwa pamenepo.

Ngati palibe chilichonse, muyenera kuboola thabwa la mfuti, lija mumagwira powombera, kuti mumangepo kachitsulo kotere ndi sikuluwu, ndipo apa ndi pamene ndimada nkhawa. Thanki imakhala pamwamba penipeni pa thabwalo, ndipo mpweya wake umafika mabar 200 kapena kuposerapo (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya). Chiboolero chikaikanda kapena sikuluwu ikaibaya, munthu akhoza kuvulala koopsa. Choncho tsimikizani kuti mfuti ilibe chipolopolo, masulani zitsulo zonse pamodzi ndi thanki, mutsale ndi thabwa lokha m'manja. Yezani kukhuthala kwake. Lembani chizindikiro pakatikati, masentimita 4 kapena 5 kuchokera kumapeto, chifukwa kufupi kwambiri ndi nsonga thabwa limang'aluka. Kulungani tepi pachiboolero posonyeza polekezera, yambani ndi kabowo kakang'ono, ndipo mukamanga pisani chala m'kati mumve ngati nsonga ya sikuluwu yatulukira. Ikatulukira, ifupikitseni. Thabwa la pulasitiki nthawi zambiri limakhala lamphako, ndiye pamafunika bawuti yokhala ndi nati ndi washala m'kati. Ngati dzanja lanu silinazolowere, pitani nayo kwa katswiri wa mfuti.

Kutalika kwa miyendo kumatengera kakhalidwe kanu powombera: mainchi 6 mpaka 9 n'ngokwanira patebulo kapena mutagona chafufumimba pamalo osalala, pomwe paudzu pamafunika 9 mpaka 13. Ine ndimakonda yokhala ndi popendekera, chifukwa nthaka siikhala yofanana, ndipo mfuti yopendama imaponya chipolopolo kumbali.

Mukamaliza, musakhulupirire galasi monga munalisiyira. Ikani pepala pamamita 25, kuseri kwake kukhale chulu kapena mulu wa mchenga, osati khoma la njerwa lomwe limabweza chipolopolo. Ana ndi ziweto akhale kumbuyo kwanu. Womberani kasanu malo amodzi, mapazi a miyendo ali pamphasa kapena pathumba, ndipo konzani galasi potengera pamene zipolopolo zaunjikana. Mukawombera kangapo konse, gwiraninso sikuluwu ija muone ngati siinayambe kumasuka.