Nsomba zanu zatuluka timadontho toyera? Pangani izi musanataye thanki yonse

Mwezi wa Juni kuno ku Zomba kukazizira, chiperoni chikatsika kuchokera kuphiri kuja, ndi nthawi yomwe anthu osunga nsomba mu thanki yagalasi timalira kwambiri. Chaka chatha ineyo ndinataya mbuna zinayi, tinsomba tokongola ta m'miyala ya nyanja ya Malawi, chifukwa cha matenda a timadontho toyera otchedwa white spot, ena amati ich, ndiye ndati ndilembe zomwe ndinaphunzira kuti anzanga musadutse momwe ndinadutsamo.

Poyamba muziidziwa. Nsomba imaoneka ngati wina waiwaza mchere pathupi ndi pazipsepse, timadontho toyera ting'onoting'ono. Koma madontho asanaoneke nsomba imayamba kudzikhula pamiyala ngati ikuyabwidwa, zipsepse imazipinda, kudya imasiya, ndipo ikafika pomapuma mothamanga pamwamba pa madzi ndiye kuti tizilombo toyambitsa matendawa talowa mopumira mwake kuseri kwa mutu, apa zinthu zavuta musachedwe.

Kachilomboka dzina lake ndi Ichthyophthirius multifiliis, ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Kadontho mukukaona kaja kali mkati mwa khungu la nsomba, mankhwala sangakafike olo muthire botolo lonse. Kakakhuta kamachoka pansombapo nkugwera pansi pamiyala, kamadzikuta kenako nkugawikana kukhala tiana mazanamazana, tianato ndi tomwe timasambira kusaka nsomba ina ndipo tikapanda kuipeza m'masiku awiri timafa. Nthawi imeneyi yokha, tikamasambira, ndi pomwe mchere kapena mankhwala amagwira ntchito. Ndiye madontho akasowa sikuti nsomba yachira ayi, tizilombo tangotsika kukaswana. Ine ndinasiya mankhwala tsiku lachinayi poona kuti nsomba zayera, patangotha sabata zinabwerera kuposa poyamba.

Choyamba kwezani kutentha kwa madzi. Madzi akazizira kachilomboka kamatenga masabata kuti kamalize ulendo wake, koma akafunda kamamaliza m'masiku ochepa, ndiye mukufuna kachoke pansomba msanga kakakumane ndi mankhwala. Kwezani hita pang'onopang'ono, digiri imodzi pa maola angapo, mpaka madigiri 29 kapena 30 Celsius. Osakweza kamodzi chonde. Ngati mukusunga goldfish musafike pamenepo, izo ndi za madzi ozizira. Ndipo madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, nsomba yodwala kale ikuvutika kupuma, ndiye pampu ya mpweya iziyaka usana ndi usiku.

Nkhani ya magetsi ndikudziwa, akathima usiku wa Julaye kuno ku Matawale madzi amatsika msanga. Ine ndimafunditsa thanki bulangete, nkuika botolo la pulasitiki la madzi ofunda lotseka bwino kuti liziyandama mkatimo, ndipo pakapita kanthawi ndimatunga madzi ndi kapu nkuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Pampu ya mabatire ngati mungaipeze gulani, ndi ndalama yosadandaulitsa.

Kenako mchere. Magalamu 2 pa lita iliyonse amakwana, thanki ya malita 60 ndiye magalamu 120. Pezani mchere wa mibulu wopanda zosakaniza zina, musungunule kaye mu ndowa, muthire m'magawo atatu kwa masiku awiri. Mbuna ndi nsomba zina za m'nyanja yathu za banja lomwelo, ma cichlid, zimaupirira bwino mcherewu, koma nsomba zopanda mamba monga timilamba ndi ma loach sizigwirizana nawo, zomera zam'madzi nazonso zimafota, ngati muli nazo thirani theka. Mchere suuluka ndi nthunzi, ndiye madzi akaphwera nkuwonjezera ena musathirenso, muzingobwezera wa madzi omwe mwachotsa basi.

Ngati nsomba zadzadza madontho thupi lonse musadalire mchere wokha, gulani mankhwala a white spot, ambiri amakhala ndi malachite green ndi formalin. Tsatirani zomwe zalembedwa pabotolo, kuonjeza sikuchiza msanga koma kupha nsomba. Mu fyuluta chotsanimo makala aja a carbon chifukwa amayamwa mankhwala onse inu nkumadabwa kuti bwanji sizikusintha. Mankhwalawa amathimbiriritsa manja ndi zovala, komanso ndi a nsomba zokongoletsa m'nyumba zokha, osakathira mu damu la chambo kapena makumba omwe anthu adzadye. Ikani patali ndi ana.

Masiku awiri aliwonse chotsani kota ya madzi, payipi muziyendetsa pansi pamiyala penipeni chifukwa ndi pomwe tizilombo tagona. Madzi a pampopi ali ndi chlorine, thirani mankhwala ochotsera kapena muwasiye mu ndowa yosavindikira tsiku lathunthu, ndipo afundeko kufanana ndi a mu thanki, madzi athu a ku damu la Mulunguzi m'mawa amakhala ngati achokera mu filiji. Chizani thanki yonse osati nsomba yokhayo yaoneka madontho, ndipo dontho lomaliza likasowa pitirizani sabata ina yathunthu, kenako muzitsitsa hita pang'onopang'ono.

Matendawa kwa ine anabwera ndi nsomba ziwiri zomwe ndinapatsidwa ndi mnzanga, ndinangozithira osaganiza kawiri poti zimaoneka zathanzi. Pano nsomba yatsopano iliyonse, kaya yachokera ku Blantyre kaya ku Mangochi, imayamba yakhala payokha mu kathanki kena masabata atatu, kaneti kake ndi kapayipi kake, ndipo madzi omwe yabwera nawo mu pepala ndimakathira panja pamaluwa.