Kulumikiza Njanji za Sitima Zing'onozing'ono Pabwalo ku Salima

Amene anaonapo bwino njanji ya pa siteshoni ya Salima kapena ku Chipoka amadziwa kuti pamene zitsulo ziwiri zakumana pamasiyidwa kampata. Njanji ya sitima zing'onozing'ono zoseweretsa, zoyendera magetsi pabwalo, imafunanso chimodzimodzi. Tikunena ya saizi yotchedwa G scale, monga ya makampani a LGB kapena Piko, yomwe zitsulo zake ziwiri n'zotalikirana mamilimita 45 ndipo ndi za brass, mtundu wa mkuwa wachikasu.

Cholumikizira, kachitsulo komwe mumalowa nsonga za zitsulo ziwiri zokumana, chili ndi ntchito ziwiri: kugwira zitsulo kuti zilunjikane, ndi kuwolotsa magetsi. Dzuwa la kuno limalimbana ndi zonse ziwiri.

Tiyambe ndi kampata. Brass ikatentha imatalika: mita imodzi imawonjezera pafupifupi mamilimita 0.76 kutentha kukakwera ndi madigiri 40. Chitsulo chokhala padzuwa la Okutobala chimapsereza dzanja, pamene m'mawa wa mu Juni chimazizira, ndiye kusiyana kotereku si nthano. Mwayi wake, khadi la ku banki ndi lochindikala chimodzimodzi, mamilimita 0.76. Mukamayala kukuzizira, lowetsani khadilo pakati pa nsonga za zitsulo zokumana pa mita iliyonse. Mukamayala masana dzuwa lili pamutu, zigundanitseni, kampata kadzaoneka kokha usiku. Mukapanda kutero, njanji imapindika ngati njoka kapena kutukuka, sitima n'kugwa.

Musanalumikize, palani nsonga ndi tupa kuti pasatsale timinga ta sowo, makamaka mkati momwe mumadutsa mkombero wa gudumu. Pukutani phazi la chitsulo, mbali yake yapansi yotambalala, mpaka liwale. Sandipepa wokhakhala musamuike pamwamba poyenda magudumu, mikwingwirima yake imasunga dothi. Cholumikizira cholowetsa chizilowa movutikira. Chikangolowa phweee, chifinyeni pang'ono ndi pulayala. Pakani mkati mwake girisi wa graphite, wochepa ngati mutu wa machesi, kuti madzi asalowe. Mukamaliza yendetsani chala pamwamba. Chikakodwa, phazi lakwera pamwamba pa cholumikizira m'malo molowa mkati. Cholakwa ichi n'chofala kwambiri.

Koma pa magetsi musachidalire cholumikizira chotere. Chitsulo chikamatalika masana n'kubwerera usiku, cholumikizira chimakhwepa, mchenga umalowa, mvula ya Disembala mpaka Marichi n'kudetsa mkatimo. Chizindikiro chake n'chakuti sitima imafooka ikafika kutali ndi thiransifoma yopereka magetsi ku njanji. Njira yabwino ndi kuwotcherera kawaya ka mkuwa kodumpha polumikizirapo, kunja kwa chitsulo, kopindidwa ngati U kuti kazitamuka. Pamafunika chowotcherera champhamvu, cha mawati 80 kapena 100. Chaching'ono chokonzera mawailesi chimachedwa kutenthetsa brass, mpaka mapulasitiki apansi amasungunuka. Ikani nsalu yonyowa mbali zonse ziwiri. Kokaninso waya wochokera ku thiransifoma pa mamita asanu aliwonse.

Zilipo zolumikizira zomanga ndi sikuluu, monga za makampani a Massoth ndi Split Jaw. N'zodula komanso n'zoitanitsa kunja, koma pa mphambano za njanji n'zoyenera mtengo wake, chifukwa mutha kuzula mphambanoyo osasokoneza zina. Dziwani kuti zimagwira zolimba, choncho kutalika konse kumakathera pa makona. Ndiye njanji isakhomedwe ndi misomali. Iyandame pa timiyala ta kwale tophwanya. Mchenga wa ku Senga Bay suthandiza, umakokoloka, ndipo thabwa pansi ndi chakudya cha chiswe.

Pa kona, njanji yopinda nokha ilumikizeni ikadali yowongoka, kenako mupinde. Mukayamba n'kupinda pamatsala chigongono. Chitsulo chamkati chidzatsala chachitali, chidulenitu ndi sowo ya mano ang'onoang'ono.

Ngati sitima ikuima malo amodzimodzi, isiyeni pomwepo magetsi ali oyaka, mugwiritse sikuludiraiva pa nsonga ziwiri za mbali imodzi zomwe zakumana polumikizira paliponse kubwerera chakumbuyo. Pamene idzidzimuke n'kuyenda, masulani pomwepo, mupukute, mupakenso girisi.