Sikelo ikamakwera ndi kutsika: momwe mungadziwire ngati thupi likuchepadi

Munthu wamkulu akhoza kulemera makilogalamu 78 lero m'mawa, mawa lake n'kupezeka pa 79 ndi theka, mkuja n'kubwerera pa 78, asanasinthe chilichonse pa kadyedwe kake. Kusintha kwa kilogalamu imodzi kapena awiri m'masiku ochepa n'kwachibadwa. Koma n'komwe kumagwetsa ulesi anthu ambiri amene ayamba kuchepetsa thupi kuno ku Salima: wachepetsa mitanda ya nsima, wasiya zakumwa za shuga, akuyenda wapansi madzulo aliwonse, kenako Lolemba sikelo yakwera. Akaona choncho amangoti palibe chikuchitika, n'kubwerera ku chiwaya.

Nayi njira yowerengera sikelo moti isakunamizeni.

Choyamba, dziwani chimene sikelo ikuyeza

Sikelo siyeza mafuta okha. Imayeza mafupa, mnofu, magazi, madzi, pamodzi ndi chakudya chimene chidakali m'matumbo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mukamwa chikho chachikulu cha thobwa n'kukwera pa sikelo, thobwalo liwerengedwa ngati inuyo.

Mafuta sabwera msanga chotero. Kuti thupi lisunge kilogalamu imodzi ya mafuta, pafunika mphamvu ya chakudya yokwana ma calorie pafupifupi 7,700 kuwonjezera pa imene thupi lagwiritsa ntchito. Munthu wamkulu amafuna pakati pa 2,000 ndi 2,500 patsiku. Kunena kwina, kuti kilogalamu ya mafutayo ibwere tsiku limodzi, muyenera kudya chakudya cha masiku atatu pamwamba pa cha tsikulo. Ngakhale pa ukwati pamene mpunga wa kilombero ndi nyama ya mbuzi zachita kusefukira, simungafikepo. Ndiye kilogalamu imene mwaipeza mmawa wa pambuyo pa ukwati yachokera kuti?

Yambiri ndi madzi. Nsima, mpunga, kondowole, chinangwa ndi mbatata zikagayika, thupi limasungako shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya shugayu imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Thupi limatha kusunga shugayu mpaka pafupifupi theka la kilogalamu. N'chifukwa chake sabata yoyamba mutachepetsa nsima sikelo imagwa mosangalatsa, kenako n'kuima. Zimene zinapita poyamba zija zambiri anali madzi. Mukadyanso nsima yokhuta, amabwerera.

Mchere nawo umakoka madzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono ya tiyi. Tchipisi cha pa Kamuzu Road chowazidwa mchere kawiri, kanyenya, soseji, timiyala tokometsera ndiwo tija, zonsezi zikakumana tsiku limodzi thupi limasunga madzi kwa tsiku kapena masiku awiri, kufikira impso zitatulutsa mcherewo. Kudzimbidwa nako kumawonjezera. Ndipo amene ayamba kumene masewera olimbitsa thupi, kapena agwira khasu pambuyo pa miyezi yopuma, minofu yawo imaphwanya ndi kusunga madzi pamene ikuchira. Sikelo ikhoza kukwera m'sabata imene mwalimbikira kwambiri.

Chachiwiri, yezani mofanana nthawi zonse

Dzukani, pitani kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa kanthu kwerani pa sikelo mutavala zopepuka. Sikeloyo ikhale pa simenti yosalala, pamalo amodzimodzi. Pamphasa kapena pa dothi losalingana imanama. Musayezenso masana kapena madzulo. Nthawi imeneyo mumakhala mwalemerako ndithu, ndipo palibe chimene muphunzirepo.

Sikelo ikhale imodzi. Ya kuchipatala, ya mnyamata woyeza anthu pamsika ndi ya mnzanu wa kuntchito zimatha kusiyana ndi kilogalamu yathunthu kapena kuposa. Ngati mulibe yanu, sankhani imodzi mwa izi, muzipitako tsiku limodzimodzi pa sabata, nthawi yofanana, nsapato mutavula, foni ndi makiyi mutatulutsa m'thumba.

Chachitatu, lembani, ndipo muziwerenga sabata yonse pamodzi

Apa ndiye pagona nkhani. Pezani kakope kapena lembani m'foni nambala ya m'mawa uliwonse. Lamlungu phatikizani manambala onse 7, mugawe ndi 7. Yankho lakelo ndiye kulemera kwanu kwa sabata imeneyo, ndipo ndi lokhalo loyenera kuyerekeza ndi la sabata yotsatira.

Tiyerekeze kuti mayi wina walemba izi kuyambira Lolemba: 78.4, 79.1, 78.0, 78.6, 79.5, 78.9, 78.2. Zonse pamodzi ndi 550.7, kugawa ndi 7 zikupereka pafupifupi 78.7. Sabata yachiwiri walemba 78.8, 77.9, 78.3, 77.6, 78.7, 78.0, 77.8. Pamodzi ndi 547.1, kugawa ndi 7 ndi pafupifupi 78.2. Watsika ndi theka la kilogalamu, komwe ndi kutsika kwabwino kwambiri. Koma taonani Lachisanu la sabata yachiwiri: 78.7, kuposa 78.4 imene anayambira. Akanangoyang'ana masiku awiri amenewa akanati wanenepa, pamene zoona zake thupi likuchepa.

Wokhala ku Senga Bay amadziwa kuti mwera ukaomba mafunde amafika patali pamchenga, koma salengeza kuti nyanja yakwera. Amadikira bata, n'kuona pamene madzi akulekeza pathanthwe mwezi uno poyerekeza ndi mwezi watha.

Mulingo woyenera kuyembekezera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata, ndipo kwa ambiri zimachedwa kuposa apo thupi likamachepa. Amene mukuyeza kamodzi pa sabata, musagamule kanthu musanakhale ndi manambala a masabata anayi.

Ena kuyeza tsiku ndi tsiku kumawasowetsa mtendere, nambala ikakwera tsiku lonse lawonongeka, mwinanso n'kudzimana chakudya. Ngati ndinu wotere, ibiseni sikeloyo, muziyeza pa sabata kamodzi basi.

Chachinayi, amayi yerekezani mwezi ndi mwezi

Masiku oyandikira kusamba thupi limasunga madzi, mimba imadzadza, mabere amalemera, ndipo sikelo imatha kukwera ndi kilogalamu kapena kuposa. Msambo ukayamba madziwo amatuluka okha. Lembani m'kakope kaja tsiku limene mwayamba kusamba, ndipo sabata imeneyo muziiyerekeza ndi sabata yonga yomweyo ya mwezi wathawo, osati ndi sabata yapitayi.

Chachisanu, bwerekani tepi ya telala

Pakatha masabata awiri aliwonse yezani mimba, tepi idutse pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, chakumtunda pang'ono kwa mchombo. Tulutsani mpweya bwinobwino, osakoka mimba. Mayi akapitirira masentimita 80, bambo akapitirira 94, chiopsezo cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi chimayamba kukwera. Njira ina yosavuta kukumbukira: kuzungulira kwa mimba kusafike theka la msinkhu wanu. Tepi imatha kutsika sikelo itaima, makamaka kwa amene akuchita masewera kapena kupalasa njinga. Lamba ndi siketi ya yunifolomu ya kumvano zimanenanso zoona.

Chachisanu ndi chimodzi, nambala ikakwera musachite kanthu kachilendo

Idyani monga mwa dongosolo lanu, imwani madzi, yendani monga mwa masiku onse. Kudzilanga ndi njala tsiku lotsatira kumangokufikitsani pa mbale yodzadza usiku.

Pali chinyengo china chimene ndimachiona kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la kunyanja likafika pachimake: achinyamata kuthamanga atavala jekete, ena atazikulunga pulasitiki pamimba, kuti atuluke thukuta lambiri. Sikelo itsikadi, koma ndi madzi, ndipo abwerera mukangomwa. Pa kutentha kwa kuno zimenezi zikhoza kukugwetsani. Chimodzimodzi tiyi wochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook: wambiri amagwira ntchito potsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Ndalama zapita, mafuta ali pomwepo. Abale athu amene amasala m'mwezi wa Ramadan nawonso asadabwe kuona sikelo yotsika madzulo asanafuturu n'kukweranso m'mawa. Chiweruzo chidikire masabata angapo pambuyo pa Eid.

Nthawi yosintha dongosolo ndi pamene manambala a sabata aima malo amodzi kwa masabata atatu kapena anayi, tepi nayo osasuntha. Pamenepo fufuzani zimene zimalowa osawerengedwa: masupuni a shuga mu tiyi, mafuta ophikira m'ndiwo, mandasi a pa 10 koloko, mtedza wongotafuna pocheza, mowa wa Loweruka, ndi mango, amene nyengo yake ikafika kuno munthu amatha beseni osadziwa. Sinthani chinthu chimodzi, mudikirenso masabata awiri.

Kusintha kumene sikofunika kudikira

Ngati mwakwera makilogalamu 2 kapena kuposa m'masiku ochepa, mapazi ndi miyendo zatupa moti mukadina ndi chala pakutsala dzenje, kapena mukubanika mukagona chagada, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mtima kapena impso zikhoza kukhala pavuto. Mayi woyembekezera sayenera kuchepetsa thupi n'komwe, ndipo akatupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, mutu n'kumawawa, athamangire kuchipatala osadikira tsiku lake la sikelo ya amayi oyembekezera.

Kutsika nako kuli ndi malire. Thupi likamatha mofulumira kuposa mmene kadyedwe kanu kasinthira, limodzi ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu lalikulu kapena kukodza pafupipafupi, kayezetseni TB, shuga ndi HIV pa chipatala chachikulu cha Salima kapena chaching'ono chapafupi nanu. Jakisoni wolera wa Depo ndi ma ARV ena amanenepetsa anthu ena. Ngati mukuwakayikira, musasiye nokha. Tengani kakope kanu ka manambala kaja mukaonetse adokotala, akuuzeni ngati pali china chimene angakusinthireni.