Kuunika kampani ya mankhwala musanagule masheya

Mwafunsa mmene mungadziwire ngati kampani yopanga mankhwala ikuyenera ndalama zanu. Sonkhanitsani malipoti ake apachaka a zaka 5 zapitazi. Ali pa intaneti. Ku Malawi Stock Exchange, msika wa masheya wa kuno, kulibe kampani yotere, yang'anani kunja, monga Aspen pa msika wa masheya wa ku Johannesburg.

1. Yerekezani malonda ndi phindu, chaka ndi chaka.
2. Onani ngongole. Ikamakula kuposa phindu, dekhani kaye.
3. Pezani mankhwala amene akuibweretsera ndalama zambiri, ndi chaka chomwe patenti yake (chilolezo choletsa ena kupanga mankhwalawo) idzathe. Ambiri amaterereka apa. Patenti imakhala zaka 20. Ikatha, makampani ena amapanga mankhwala omwewo otchipa, ngati aja a ku India odzaza m'mafamase muno mu Zomba, phindu n'kutsika.
4. Gawani mtengo wa sheya ndi phindu la sheya imodzi, muyerekeze ndi makampani anzake.