Mmene Mungasankhire Mitundu Popentanso Chidole cha Loboti Chosandulika

Chidole chosandulika chimakhala ndi maonekedwe awiri, a loboti ndi a galimoto kapena ndege, ndipo mitundu imene mwasankha iyenera kukhala bwino pa maonekedwe onse awiriwo. Amene amapenta akungoyang'ana lobotiyo amadzadabwa akaipinda, chifukwa penti wofiira amene anakongoletsa mwendo amakapezeka pakati pa denga loyera la galimoto.

Opanga zidolezi anadziwa kalekale kuti mtundu pawokha ungasinthe chidole. Pamene kampani ya Hasbro inatulutsa zidole za Transformers mu 1984, kuchokera ku zidole zimene kampani ya Takara ya ku Japan inali itapanga kale, maloboti otchedwa Starscream, Thundercracker ndi Skywarp anatuluka m'chikombole chimodzi chotengera ndege yankhondo ya F-15. Chimene chinkawasiyanitsa kwenikweni ndi mitundu: woyamba anali wotuwa wokhala ndi zofiira ndi zabuluu, wachiwiri wabuluu, wachitatu wakuda wokhala ndi zapepo.

Musanatsegule botolo la penti, sandulizani chidolecho mobwerezabwereza mpaka mudziwe kumene kachidutswa kalikonse kamapita. Pa chidole cha Prowl, mwachitsanzo, boneti ya galimoto ndiyo imakhala chifuwa cha loboti, ndipo zitseko zimatambasuka kumbuyo kwa mapewa, choncho mtundu umene mwaika pa boneti ndi umene anthu adzayambe kuona lobotiyo ikaimirira. Jambulani zithunzi za maonekedwe onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako yesani mitundu yanu pa zithunzizo pa kompyuta kapena papepala, pakuti kufufuta pa chithunzi n'kosavuta poyerekeza ndi kuchotsa penti wouma pa pulasitiki.

Mitundu itatu ndi yokwanira. Umodzi ukhale waukulu, wokuta zidutswa zimene zimapanga khungu la galimoto. Wachiwiri upite pa ziwalo zimene zimabisika mkati chidolecho chikapindidwa, monga ntchafu, mikono ndi manja, ndipo apa wotuwa, wakuda kapena wasiliva sakhumudwitsa. Wachitatu, wowala kwambiri, ugwiritsidwe ntchito pang'ono chabe, pa maso, pa nyale ndi pa timizere. Kuona kwanga, chofunika koposa ndi kusiyana kwa kuwala ndi kuda, osati kuchuluka kwa mitundu. Wofiira wakuda akagundana ndi wabuluu wakuda, munthu woima patali amangoona chinthu chimodzi chakuda. Sandutsani chithunzi chanu chikhale chakuda ndi choyera, ndipo ngati mkono sukusiyana ndi chifuwa, sinthani mtundu umodzi.

Malo olumikizira ziwalo ndi amene ayenera kulamula kasankhidwe kanu. Zolumikizira zambiri zimapangidwa ndi pulasitiki woterera, monga nayiloni, amene sagwira penti, ndipo ngakhale pa pulasitiki wolimba wotchedwa ABS amene amagwira bwino, penti amasupuka paliponse pamene zidutswa zikhulana. Chanzeru ndi kusankha mitundu yogwirizana ndi mmene zolumikizirazo zinabwerera, n'kuzisiya osapenta. Ngati mawondo ndi zigongono n'zakuda, lolani kuti wakudayo akhale mtundu wanu wachiwiri. Pamene kukhulana sikungapeweke, palani pang'ono ndi sandipepa wosalala kuti penti apeze malo, ndipo tizikhomo timene timalowa m'mabowo musatipente, chifukwa tikanenepa ndi penti timathyoka.

Mukamasula chidolecho ndi kutsuka zidutswa ndi sopo, penti woyalira pansi, wotchedwa primer, asankhidwe mogwirizana ndi mtundu umene udzabwere pamwamba. Wachikasu ndi wofiira sakwirira bwino, moti akapakidwa pa primer wotuwa amaoneka akuda ndi ofooka. Amafuna woyera pansi. Wasiliva ndi wagolide amanyezimira bwino pamwamba pa wakuda wonyezimira. Magalasi a galimoto matani tepi musanayambe, ndipo muyambe ndi mitundu yowala, yakuda ibwere pambuyo, mukupaka mopyapyala kangapo m'malo mothira wambiri nthawi imodzi. Penti wa acrylic ndi wabwino kwa oyamba kumene. Wa enamel samauma bwino pa pulasitiki wofewa, ndipo mankhwala omusungunulira angang'ambe ABS. Ngati mukupopera, chitani zimenezi pamalo opita mphepo.

Pomaliza pakani vanishi, wonyezimira pa khungu la galimoto ndi wosanyezimira pa ziwalo zamkati, kenako dikirani masiku angapo kuti penti alimbe musanasandulize chidolecho koyamba.